Galu wanga wakalamba ndipo watsala yekha: ndimutengere mnzake?

Woyang'anira gulu:
Funso ili latumizidwa ndi membala wa ku Lilongwe, ndaliika pano kuti odziwa athandize. Ali ndi galu wamwamuna wazaka 10, wa mtundu wosakanikirana, wolemera makilogalamu 28, wosathena. Mnzake amene ankakhala naye anafa miyezi itatu yapitayo. Chifereni mnzakeyo, galuyu amangogona, kudya kwake ndi kwa apo ndi apo, ndipo usiku amalira pageti. Mwini wake akuganiza zokatenga galu wina ku LSPCA, bungwe losamalira ziweto ku Lilongwe, kuti azisangalatsana. Akufunsa kuti atenge kamwana kapena wamkulu, wamkazi kapena wamwamuna, ndiponso awakumanitse bwanji kuti asalumane.

Nabanda:
Asanaganize za galu wachiwiri, woyambayo akaonedwe kaye ndi dokotala wa ziweto. Agalu amatupi akuluakulu amayamba kukalamba cha pa zaka 7, ndiye uyu ndi nkhalamba ndithu. Galu akamagona kwambiri n'kumakana chakudya, anthu amathamangira kunena kuti ndi chisoni. Nthawi zina ndi chisonidi, koma miyezi itatu yatalika. Zizindikiro zomwezo zimabweranso ndi matenda a nkhupakupa, impso zotopa, dzino lowola kapena nyamakazi ya m'chiuno.

Zina angathe kuziona ali pakhomo pomwepo. Akweze mlomo wa galu aone nkhama. Zizikhala zofiirira, zikayera kapena kuchita chikasu ndiye kuti magazi kapena chiwindi sizili bwino. Ayeze madzi amene galuyo akumwa tsiku lonse ndi usiku womwe. Galu wathanzi amamwa mamililita 50 mpaka 60 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, ndiye uyu ndi lita imodzi ndi theka kapena kuposerako pang'ono. Akamamaliza malita atatu kunja kusanatenthe n'komwe, pali vuto. Amuonenso podzuka m'mawa, ngati akuvutika kuimitsa miyendo yakumbuyo.

Ndikulimbikira zimenezi chifukwa galu amene ali ndi ululu sapirira kugundidwa. Watsopanoyo akadzangomukhudza pachiuno, adzaluma, ndipo pakhomo adzati ndi galu wankhanza pamene vuto ndi chiuno. Ndipo chonde asamupatse Brufen kapena Panado wa anthu. Brufen amaboola chifu cha galu ndi kuononga impso. Mankhwala a ululu a agalu alipo, dokotala amapereka molingana ndi kulemera kwake.

A Phiri a ku Kawale:
Zoona amayi, koma akapezeka kuti ali bwino angotenga kamwana ka miyezi iwiri. Kamwana sikalimbana ndi wamkulu, kamakula kakudziwa kuti bwana pakhomo ndi ndani, komanso kamaphunzira ulonda kwa mnzakeyo. Galu wamkulu wa mumsewu simudziwa zimene anadutsamo.

Dzimbiri:
A Phiri, apo sindikuvomerezana nanu. N'zoona kuti kamwana sikalimbana, koma kamatopetsa. Ka miyezi iwiri mpaka isanu ndi umodzi kamakhala kakuphuka mano, ndiye kamatafuna chilichonse, makutu ndi mchira wa nkhalamba yomwe. Galu wazaka 10 amagona gawo lalikulu la tsiku, kamwanako kamadzuka pafupipafupi kufuna masewera. Ndiye werengani zaka. Kakamafika chaka chimodzi ndi theka, kali ndi mphamvu zonse ndipo kayamba kuyesa malire, mnzakeyo ali ndi zaka 11 ndi theka, maso achita khungu, makutu sakumva bwino. Ndewu zambiri za m'nyumba zimayamba pamenepo, osati tsiku loyamba.

Woyenera apa ndi galu wamkulu wofatsa, wazaka 3 mpaka 6. Khalidwe lake linakhazikika kale, mukuliona ndi maso, simukulosera. Akhale wamkazi, chifukwa wamwamuna ndi wamkazi amagwirizana mosavuta kusiyana ndi amuna awiri, makamaka pamene galu wapakhomoyo ndi wosathena. Thupi lake likhale lofanana ndi la nkhalambayo kapena lochepera pang'ono, tinene makilogalamu 15 mpaka 25. Wolemera kuposa iyeyo akhoza kumugwetsa posewera chabe, ndipo chiuno cha nyamakazi sichichedwa kuvulala. Wamng'ono kwambiri naye ali pangozi, kuluma kumodzi kwa galu wa makilogalamu 28 kumatha kupha kagalu ka makilogalamu 5.

Za kusadziwa zimene anadutsamo, mpake kuda nkhawa. N'chifukwa chake kuli bwino kutenga kumalo kumene galuyo wakhalako masabata angapo akuonedwa ndi anthu omusamalira, kusiyana ndi kugula kwa anyamata oimika tiagalu m'mbali mwa msewu.

Mayi a Tadala:
Nanga wamkaziyo akafika pa nyengo yake? Nkhalamba yosathenayo singamukwere? Kapena ithenedwe kaye? Koma pa zaka 10 opaleshoni si yoopsa?

Nabanda:
Ingamukwere ndithu, ukalamba suletsa zimenezo. Choncho wamkaziyo abwere atachotsedwa kale chiberekero. Wosachotsedwa amafika pa nyengo pafupifupi kawiri pachaka, masabata awiri kapena atatu ulendo uliwonse, ndipo nthawi imeneyo agalu a mudzi wonse amadzaza pampanda, wanuyo kudya amasiya, ndewu pageti usiku uliwonse. Opaleshoniyo imatetezanso wamkaziyo ku matenda a mafinya m'chiberekero amene amapha agalu aakazi ambiri akamakula. Ulusi amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14, ndipo masiku amenewo akhoza kukhala omwewo amene galuyo akusungidwa payekha asanakumane ndi mnzake.

Za kuthena nkhalambayo, si lamulo. Dokotala ndiye aweruze atamumvetsera mtima ndi kuyeza magazi kuti aone impso ndi chiwindi, popeza mankhwala ogonetsa amadutsa m'menemo. Ngati akuvutika pochita chimbudzi kapena mkodzo ukudontha ndi magazi, mwina prostate (chiwalo cha amuna chapafupi ndi chikhodzodzo) yatupa, ndipo pamenepo kuthena kumathandiza. Ngati alibe vuto lililonse ndipo wamkaziyo ndi wotseka kale, angathe kumusiya momwemo. Anthu asaganizenso kuti kuthena kumachotsa ukali wonse. Galu woluma chifukwa cha mantha kapena ululu amalumabe.

Achisale:
Ndionjezere zofunsa mukafika kumalo osamalira agaluwo, kaya ndi ku LSPCA ku Lilongwe kapena ku BSPCA ku Blantyre. Musangoloza amene wakukomerani m'maso. Funsani kuti anabwera liti ndipo anamupeza bwanji, kodi anatoledwa mumsewu kapena eni ake anamupereka posamuka. Funsani ngati amagona m'khola limodzi ndi agalu ena, nanga pa chakudya amatani mnzake akayandikira mbale. Funso la mbaleli ndi lalikulu kuposa onse. Galu amene anakulira pa njala kawirikawiri amateteza chakudya mpaka kuluma, ndipo nkhalamba yodya pang'onopang'ono ndiyo imavutika.

Pemphani khadi la katemera muone masiku ake ndi maso anu: wa chiwewe, ndi uja wophatikiza wa parvo (nthenda yosanzitsa ndi kutsegula m'mimba magazi), distemper (nthenda ya chifuwa, manthongo ndi kukomoka) ndi matenda a chiwindi. Onaninso tsiku limene anamwa mankhwala a njoka za m'mimba ndi limene anapatsidwa a nkhupakupa.

Kenako m'yang'aneni nokha. M'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono, ngati ubweya wathothoka ndipo pali nkhanambo, akhoza kukhala mphere, ndipo mphere za mtundu umenewu zimapatsirana msanga, ngakhale anthu zimawayabwa. Kumaliseche kusakhale kotupa kapena kodontha magazi. Kuli chotupa chopatsirana chotchedwa TVT chimene chimafala kwambiri mwa agalu oyendayenda. Chimapatsirana pokwerana, komanso ponyambitana ndi kununkhizana. Chimachizika ndi jakisoni wa vincristine kamodzi pa sabata, kawirikawiri masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, koma chithe kaye galuyo asanakumane ndi mnzake.

Pomaliza funsani ngati amalola kubwera ndi galu wanu kuti awonane, komanso ngati mungamutenge mongoyesa kaye.

Mbewe wa ku Zomba:
Galu akafika pakhomo asakumane ndi mnzakeyo kwa masiku 14, ngakhale akuoneka wonenepa ndi wosalala. Parvo imatenga masiku atatu mpaka asanu ndi awiri isanaonekere, nthawi zina kuposa pamenepo, ndipo chifuwa cha m'makola nacho chimabisala masiku angapo. Galu wachinyamata akhoza kungotsokomola sabata imodzi n'kuchira, koma nkhalamba chifuwa chomwecho chimatha kutsikira m'mapapo.

Pa masiku amenewo watsopanoyo akhale ndi malo ake, mbale zake, chogonera chake, ndi pochitira chimbudzi pake. Chimbudzi chizitoledwa tsiku lililonse. Pogawa chakudya yambani ndi nkhalambayo, kenako watsopanoyo, mukatero sambani m'manja. Pokolopa simenti, Jik wamba wa 3.5% muthire kapu imodzi ya mamililita 250 mu malita 5 a madzi. Yambani mwachotsa zonyansa ndi sopo, chifukwa Jik sagwira ntchito pa ndowe, kenako thirani, dikirani mphindi 10, tsukuluzani. Pa dothi palibe mankhwala amene angathandize, kachilombo ka parvo kamakhala m'nthaka miyezi yambiri, pamthunzi mpaka kupitirira chaka. Ndiye malo a simenti ndiwo abwino pa masiku oyambawa.

Mankhwala a njoka ndi a nkhupakupa apatseni agalu onse awiri sabata yomweyo, apo ayi azingopatsirana. Ngati ndi dibi ya amitraz, funsani kaye dokotala za nkhalambayo, chifukwa imafooketsa agalu okalamba ndipo si yabwino kwa agalu a matenda a shuga. Mapiritsi a nkhupakupa ngati Bravecto amagwira masabata 12, NexGard mwezi umodzi. Ndi odula, koma kuchiza matenda a nkhupakupa n'kodula kuposa pamenepo.

Katemera wa nkhalambayo ngati anadutsa nthawi, abayidwe masabata awiri watsopanoyo asanafike, osati tsiku lomwelo.

A Phiri a ku Kawale:
Achimwene, mukunena za anthu a mipanda ikuluikulu. Ena ife pabwalo ndi pochepa, khola ndi limodzi. Masiku 14 amenewo galuyo agona kuti, kuchipinda?

Mbewe wa ku Zomba:
Sipafunika malo aakulu a Phiri. Stoo, bafa lapanja losagwiritsidwa ntchito, kapena kuseri kwa nyumba mutatchinga ndi malata akale ndi mapaleti, zikwanira, bola pakhale mthunzi ndi mpweya. M'nyengo yotentha ya October kachipinda ka malata kotsekeratu kamapha galu. Chofunika n'chakuti mphuno zisagundane. Pabwalo azituluka mosinthana, wina akatuluka wina ali mkati. Kapena pemphani kuti galuyo atsale kumene mwamupezako mpaka opaleshoni itapola ndi katemera atakwana, masiku anu apakhomo achepeko.

Chimene musachite ndi kumanga watsopanoyo pa tcheni pakati pa bwalo nkhalambayo ili yomasuka. Galu womangidwa alibe kothawira, ndiye amayamba ndiye kuluma. Masiku amenewa gwiritsaninso ntchito kuwazoloweza fungo: sabata yachiwiri, ngati palibe amene akudwala ndipo khungu lili bwino, sinthanitsani matumba amene amagonera.

Nabanda:
Pa masiku 14 paja ndiikepo chenjezo. Amathandiza pa parvo ndi chifuwa, koma sakutsimikizirani kanthu pa chiwewe. Galu amene analumidwa ndi wachiwewe amatha kukhala bwinobwino masabata angapo, ngakhale miyezi, matenda asanaoneke, ndipo katemera wobayidwa kachilombo katalowa kale simungamudalire. Choncho galu wotoledwa mumsewu posachedwa, makamaka wokhala ndi mabala olumidwa amene palibe akudziwa gwero lake, ndi nkhani ya dokotala, osati yongotengera kunyumba kumene kuli ana.

Chitetezo chenicheni cha nkhalambayo ndi katemera wake womwe. Ku Blantyre a bungwe la Mission Rabies akhala akubaya agalu mwaulere kuyambira 2015, ndipo m'maboma ena ofesi za ziweto zimachita makampeni, makamaka chakumapeto kwa September pamene pamakhala tsiku lokumbukira matendawa pa 28. Khadi musataye.

Galu watsopanoyo akasintha khalidwe mwadzidzidzi, kuuwa kwake kukasintha, akamachucha dovu kapena kulephera kumeza, m'tsekereni osamugwira kukamwa, muitane a zaziweto. Anthu ambiri amalumidwa akufufuza fupa pakhosi pamene fupa palibe. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Dzimbiri:
Tsopano tsiku lokumana. Pafunika anthu awiri akuluakulu, aliyense ndi galu wake pa chingwe cha mita imodzi ndi theka kapena awiri. Malamba a m'khosi akhale okwana bwino, zala ziwiri zizilowa koma mutu usamavuke. Musawakumanitsire pageti kapena m'bwalo, amenewo ndi malo a nkhalambayo ndipo idzawateteza. Sankhani msewu wa zii kapena bwalo la mpira m'mamawa, kusanatenthe ndiponso kulibe ana kapena agalu ena oyendayenda.

Yambani kuyenda molowera kumodzi, motalikirana mamita 10. Asayang'anane maso ndi maso. Wina atsogole, winayo azinunkhiza pamene mnzake wakodza, kenako sinthanani. Onse akamayenda momasuka, akununkhiza pansi, akutembenuka mukawaitana, fupikitsani kufika mamita 5, kenako awiri, anthu muli pakati agalu ali kunja. Wina akauma thupi n'kumangoyang'anitsitsa mnzake, bwererani pa mtunda umene anali womasuka. Palibe chothamangira, ena zimatheka tsiku lomwelo, ena zimafuna maulendo atatu kapena anayi.

Pofika ponunkhizana, alole kumbuyo ndi m'mbali, muwerenge mpaka katatu, muwaitane mokondwa n'kupitiriza kuyenda. Bwerezani kangapo, nthawi ikutalikirako pang'ono. Apa pamene ambiri amalakwitsa ndi chingwe. Munthu akachita mantha amakoka chingwe mpaka kulimba, galu amadzuka kutsogolo, chifuwa patsogolo mutu m'mwamba, ndipo kwa mnzakeyo kaimidwe kameneko ndi koputa ndewu. Chingwe chizilendewera. Muziyendanso mozungulira nawo kuti zingwe zisapotane, chifukwa agalu awiri omangika pamodzi mwangozi amalumana ngakhale anayamba bwino.

Zoyang'ana: thupi lofewa, mchira ukugwedezeka pansipansi pamodzi ndi chiuno, kugwada ndi miyendo yakutsogolo matako m'mwamba, kutembenuza mutu, kudzikutumula, zonsezo ndi zabwino. Zoipa ndi mchira woimirira wogwedezeka mothina, kukamwa kotsekedwa mwadzidzidzi, kuika chibwano kapena mwendo pamsana pa mnzake, ndi kuima chilili osaphethira. Mchira wogwedezeka pawokha sutanthauza chikondi.

Ulendowu usapitirire mphindi 15 kapena 20, miyendo ya nkhalamba ikatopa mtima umafupikanso. Pobwerera lowani pageti mmodzimmodzi, osati mopanikizana. Pabwalo pakhale patachotsedwa mbale, mafupa, mpira ndi chilichonse chokanganirana. Zingwe zisiyeni zikukwekwereka pansi kuti mukhale ndi pogwira. Pakatha mphindi 10 alekanitseni zinthu zikadali bwino, aliyense akapume kwake.

A Phiri a ku Kawale:
Koma inu, agalu a kumudzi amachita zonsezi? Amangokumana, alumana kamodzi, wina wagonja, nkhani yatha. Asiyeni adziwana okha.

Achisale:
Kumudzi wogonjayo amathawira kumunda, n'kubwera mawa mtima utatsika. Mumpanda wa njerwa athawira kuti? Ndiponso amene agonje apa ndi nkhalamba ya mano othothoka ndi khungu lochedwa kupola. Agalu amene alumana mpaka magazi kawirikawiri amabwereza, ndipo ulendo wachiwiri amayamba msanga kuposa woyamba.

Koma pali mbali imene a Phiri akunena zoona, ndipo eni agalu ambiri amailakwitsa. Nkhalamba ikadzuma kapena kuonetsa mano pamene watsopanoyo akuipanikiza pogona, musaikalipire, musaimenye. Ikunena kuti ndisiye, ndipo ili ndi ufulu wotero. Watsopanoyo akamva n'kuchoka, zatha bwino, musalowererepo. Akapanda kumva, amene achotsedwe ndi iyeyo. Mukamalanga kudzuma, galu amaphunzira kusachenjeza, tsiku lina adzangoluma mosayembekezereka.

Nkhalamba yosamva bwino kapena yosaona bwino imadzidzimuka ikakhudzidwa ili m'tulo. Ikhale ndi malo ake ogona amene winayo safikako, kaya ndi pakhonde lotchinga ndi kageti kapena m'khola lake lakale. Khola limenelo musalipereke kwa mlendo, mumangireni lake. Ndipo zonse zimene inazolowera, nthawi yodya, kuyenda madzulo, kukandidwa kumutu mwini wake akafika, zipitirire monga kale, iyo ikhale yoyamba.

Mayi a Tadala:
Ine ndilankhule za chakudya, chifukwa ndewu zambiri zimayambira pa mbale. Adye kawiri patsiku, aliyense kwake, chitseko chotseka pakati. Pakatha mphindi 15 chotsani mbale zonse, ngakhale zopanda kanthu, musanawatsegulire. Mbale yopanda kanthu imayambitsanso ndewu, fungo limakhalapobe. Kudyera padera kumathandizanso kudziwa kuti nkhalambayo ikudya zochuluka bwanji. Akamadyera limodzi mumangoona mbale zayera, osadziwa kuti wamaliza zonse ndi mmodzi. Madzi aikidwe malo awiri kapena atatu otalikirana kuti wina asatsekereze mnzake.

Funsani chimene watsopanoyo ankadya, muyambe ndi chomwecho. Kusintha kutenge sabata: masiku awiri oyamba gawo limodzi mwa anayi likhale chatsopano, masiku awiri otsatira theka, kenako magawo atatu, tsiku la 7 chonse. Mukasintha tsiku limodzi atsegula m'mimba, ndipo simudzadziwa ngati ndi chakudya kapena parvo.

Ophika okha, nsima ya mgaiwa kapena madeya payokha si chakudya chokwanira. Pafunika usipa kapena bonya wowiritsa, zamkati, mazira ophika, ndi masamba kapena maungu pang'ono. Madeya anunkhizeni musanagule. A chuku ali ndi poizoni woononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa. Zotsala za ndiwo zodzaza anyezi zimaononga magazi a galu. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka mosongoka. Ndipo kwa mwezi woyamba mafupa a mtundu uliwonse asapezeke pabwalo. Galu amakwirira fupa lero, mnzake n'kulifukula Lachinayi inu kulibe.

Mbewe wa ku Zomba:
Pamenepo ndionjezere za galu amene wabwera nthiti zili pamtunda. Chifundo chimapangitsa anthu kumudzazira beseni tsiku loyamba, ndipo zimenezo zikhoza kumupha. Thupi limene lakhala nthawi yaitali pa njala likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, makamaka cha ufa, michere ya m'magazi imasokonekera, mtima ndi minofu zimafooka. Yambani ndi gawo limodzi mwa atatu a chakudya chimene galu wa msinkhu wake amadya patsiku, mugawe kanayi, muzionjezera pang'onopang'ono mpaka sabata itatha. Galu wotere amakhala wofatsa chifukwa alibe mphamvu. Khalidwe lake lenileni limaoneka akanenepa, pakatha masabata atatu kapena anayi, ndiye musamuweruze ndi sabata yoyamba, ndipo musafulumire kuwasiya okha chifukwa choti akuoneka wodekha.

Achisale:
Pali nkhani ina ya kwathu kuno imene sitinaikhudze. Makomo ambiri agalu amatsekeredwa masana n'kumasulidwa usiku, ndiye nthawi imene ali limodzi ndi imene aliyense ali m'tulo. Kwa masabata atatu kapena anayi oyamba asamasulidwe onse awiri usiku. Mmodzi ayende pabwalo, wina agone m'khola, kapena agawane bwalo. Azikhala limodzi masana kapena madzulo munthu wamkulu ali pomwepo, kuyambira mphindi zochepa mpaka maola.

Pageti ndi pamene pamavuta. Munthu akagogoda kapena galu wina akadutsa kunja, onse amathamangira pamenepo magazi atatentha, ndipo amene walephera kufikira wakunjayo amatembenukira mnzake wapafupi. Galimoto ikamalowa, mmodzi akhale atatsekeredwa kale. Watsopanoyo akhozanso kuthawa m'masiku oyamba, ndiye yenderani mpanda muone mabowo ndi pansi pa geti, ndipo pa lamba wake palembedwe nambala ya foni.

Zonsezi auzidwe onse apakhomo, alonda, antchito ndi ana. Mlonda akaponya mkute umodzi pakati pa agalu awiri usiku, ntchito ya mwezi wonse yagwa.

Mayi a Tadala:
Nanga zikachitika, agwirana, munthu atani? Ambiri timangokuwa ndi kufunafuna ndodo.

Dzimbiri:
Choyamba, dzanja lisapite kukhosi kapena pa lamba. Galu ali pa ndewu saona kuti dzanjalo ndi la mbuye wake. Ndodo imangoonjezera ukali. Ndewu zambiri ndi phokoso chabe ndipo zimatha m'masekondi ochepa. Ikapitirira, akhuthulireni ndowa ya madzi ozizira kumutu, kapena lowetsani thabwa lalikulu, chitseko chakale kapena mpando pakati pawo.

Zikakanika, anthu awiri aliyense agwire miyendo yakumbuyo ya galu mmodzi m'ntchafu, anyamule ngati wilibala, abwerere m'mbuyo mokhota kuti galuyo asatembenuke n'kumuluma. Ndi nkhalamba ya nyamakazi samalani, wonyamulidwa kwambiri akhale wachinyamatayo. Ngati wina waluma n'kugwiriratu osasiya, musakoke, mung'amba mnofu wa mnzakeyo. Gwirani miyendo, dikirani pamene akutsegula kukamwa kuti alumenso, pamenepo kokani. Mukakhala nokha, koletsani chingwe m'chiuno mwa amene ali pamwamba, mumangirire pa mtengo kapena pageti, kenako chotsani winayo.

Akalekana atsekereni kosiyana osaonana kwa tsiku limodzi kapena awiri. Papasani thupi lonse, makamaka khosi, m'khwapa ndi m'mimba. Dzino la galu limasiya kabowo kakang'ono kunja pamene mkati mnofu wang'ambika, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu pamatupa mafinya. Metani ubweya mozungulira, tsukani ndi madzi owiritsa ozizira, theka la lita muthiremo supuni yaing'ono imodzi ya mchere. Bala la pakhosi, pachifuwa kapena pamimba lipite kwa dokotala tsiku lomwelo ngakhale likuoneka laling'ono. Kenako fufuzani chimene chinayambitsa, muchichotse, muyambirenso pa kuyenda motalikirana kuja.

Woyang'anira gulu:
Mwini funso wathokoza nonse. Wati galuyo apita naye kwa dokotala sabata ino. Wafunsanso kuti adzadziwa bwanji kuti zakanika, ndipo zikakanika achite chiyani ndi galu watsopanoyo.

Nabanda:
Ayang'ane nkhalambayo kuposa mlendoyo. Amuyeze kulemera watsopanoyo asanafike, kenako sabata iliyonse. Masiku oyamba kunyansidwa, kudzuma ndi kudzipatula si zachilendo ayi. Koma pakatha mwezi, ngati akuonda, akukana kutuluka m'khola, akuopa kudutsa pamene pali mnzakeyo kuti akamwe madzi, kapena wayamba kukodza pogona, ndiye kuti akuvutika. Kwa watsopanoyo, choopsa ndi kumulondalonda mnzake mwakachetechete, kumutsekereza njira, ndi kuluma kosiya mabowo kopitirira kamodzi. Asayembekezenso kuti azigona mokumbatirana. Agalu awiri amene akugona pabwalo limodzi motalikirana mamita angapo, aliyense osasamala za mnzake, ndiye kuti zatheka.

Zikakanika, abwerere naye kumene anamutenga, awauze zonse zimene waona, pa chakudya, pa ana, pa agalu ena, kuti amupezere khomo lomuyenera. Nkhani yobweza aikambe tsiku lotenga lomwelo, asanasaine pepala lililonse.

Dzimbiri:
Ndipo dokotala akapeza kuti impso zatopa, mtima wakula kapena maso ndi makutu zapita, galu wachiwiri aiwale kaye. Galu wotero amupatse chogonera chofewa pamalo osazizira, kuyenda kwa mphindi 10 kawiri patsiku pa liwiro lake, ndipo usiku amusendeze pafupi ndi anthu, kaya pakhonde kapena m'khitchini, m'malo momusiya pageti. Kulira kwa usiku kukapitirira ngakhale atatero, auzenso dokotala, chifukwa agalu okalamba ena amasokonezeka mutu kukada ndipo pali mankhwala othandiza.